Tembenuzani tsamba musanapopere

Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, funso limene limazungulira kwambiri pakati pa olima ndiwo zamasamba ndi limodzi: mbewu zanga zagwidwa ndi tizilombo toyera, ndithire mankhwala anji? Amafunsa akudimba, amafunsa a m'tauni amene ali ndi timabedi tiwiri kuseri kwa nyumba, ena amaponya chithunzi chosaoneka bwino pa gulu la WhatsApp. Mayankho sachedwa. Uyu atchula dzina la botolo, uyu akuti phulusa, winayo akuti sopo waufa wochapira. Sindimamva wina akubweza funso kuti, toyera take totani? Timauluka kapena timangokhala phee? Tili pa mbewu yanji, pamwamba pa tsamba kapena kunsi kwake?

Ine ndimalima kuseri kwa nyumba: tomato, mpiru, repu, therere, nkhwani, chinangwa pang'ono m'malire, mapapaya, ndi mtengo wa mandimu umene ndinaupeza kale pamalopo. Pa kamalo kochepa kameneka pamapezeka zoyera za mitundumitundu. Zina ndi adani oopsa, china si chilombo n'komwe, ndipo china ndi wantchito amene amandithandiza osandilipiritsa. Wopopera zonsezi ndi botolo limodzi amataya ndalama, ndipo kawirikawiri ndi iye amene amakulitsa vuto.

Tiyambe ndi zouluka. Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere, mugwedeze tsinde la tomato, nyemba kapena nkhwani. Mukaona kamtambo ka tinthu toyera tadzuka, tazungulira pang'ono, kenako tabwerera kunsi kwa masamba, ndiye kuti muli ndi ntchentche zoyera. Ndi abale ake a nsabwe za m'masamba, ndipo pakamwa pawo pali kasingano kobaya tsamba ndi kuyamwa madzi a mbewu. Kutalika kwake ndi pafupifupi milimita imodzi. Mukakwanitsa kugwira imodzi pachala muona kuti thupi lake ndi lachikasu, choyera ndi phula limene lakuta mapiko. Mtundu umene umavutitsa kwambiri m'madera otentha akatswiri amautchula Bemisia tabaci, ndipo unalembedwa koyamba mu 1889 ku Greece utapezeka pa fodya. Sisankha kwenikweni. Thonje, fodya, soya, mbatata, chinangwa, mabilinganya, tsabola, ngakhale zitsamba zongomera zokha m'mbali mwa dimba, monsemo imakhala ndi kuswana.

Koma zoulukazo ndi gawo lochepa chabe la nkhani. Thyolani tsamba lam'munsi, lachikulireko, mulitembenuze pa kuwala. Poyamba muganiza kuti palibe kanthu. Yang'anitsitsani, kapena gwiritsani kamera ya foni mukulitse chithunzi: muona timamba tating'ono, tafulati, tozungulira motalikirako, totuwa mobiriwira, tomatirira pa tsamba. Amenewo ndiwo ana. Akangoswa amayenda pang'ono, n'kupeza pobaya, basi sasunthanso mpaka atakula. Amene atsala pang'ono kutuluka amaoneka achikasu ndi timadontho tiwiri tofiira, maso ake amenewo. Pambali pake mupeza tizikhokhombe toyera topanda kanthu, tong'ambika pamwamba, momwe zazikulu zinatulukira. Mazira amaikidwa pa masamba anthete akumtunda, choncho mbewu imodzi imakhala ndi mibadwo yosanjikizana: mazira kumwamba, ana pakati, zotsala pang'ono kuuluka kumunsi. Nyengo yotentha, kuchokera pa dzira kufika pa ntchentche yoikira mazira ena zimatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo yaikazi imodzi imatha kuikira mazira oposa 100.

Ichi ndicho chifukwa chake munthu amapopera Lolemba, Lachiwiri n'kuona kuti kwayera, Loweruka n'kupeza kamtambo kabwerera. Amati anamugulitsa mankhwala achinyengo. Mwina n'zoona, achinyengo alipo. Koma nthawi zambiri mankhwalawo anangonyowetsa pamwamba pa masamba, anapha zouluka zochepa, pomwe mazira ndi ana anali pamthunzi kunsi osakhudzidwa.

Kuyamwa kokha mbewu yamphamvu ikhoza kupirira. Koma ntchentchezi zimatulutsanso timadzi tomata totsekemera timene timagwera pa masamba apansi, ndipo pa timadzi timeneti pamamera nkhungu yakuda, mwaye umene umaphimba tsamba kuti lisaone dzuwa. Nawonso mwayewu si matenda olowa m'kati mwa mbewu, umachoka ukapukuta. Choopsa chenicheni cha ntchentche zoyera ndi mavayirasi amene zimanyamula pakamwa. Pa tomato pali matenda aja opinimbiritsa: masamba atsopano amakhala ang'onoang'ono, opindikira m'mwamba, achikasu m'mphepete, maluwa amayoyoka, mbewu imangoima osakula osafa. Palibe mankhwala ochiza mbewu imene yagwidwa. Feteleza wothira pamasamba sathandiza, ngakhale ogulitsa atalonjeza bwanji. Chopweteka n'chakuti zizindikiro zimaoneka patapita masabata awiri kapena atatu kuchokera pamene mbewu inalumidwa, ndiye mbande zimatha kuchoka ku nazale zikuoneka zobiriwira bwino, matenda ali kale m'kati. Tomato wogwidwa ali wamng'ono sabereka chilichonse chooneka, pomwe wogwidwa atayamba kale kubereka amakupatsaniko kenakake. Ndiye ngati pali malo amene muyenera kuwatchinjiriza ndi mtima wonse, ndi pa nazale. Ikhale kutali ndi tomato wakale, ndipo ngati mungakwanitse, iphimbeni ndi neti ya maso ang'ono kwambiri yopangidwira ulimi. Neti ya udzudzu isiyeni pa bedi logona. Maso ake ndi aakulu, ntchentche yoyera imadutsa bwinobwino, ndipo malungo sanathe.

Pa chinangwa ntchentche yomweyi ndi imene imafalitsa khate, matenda aja a masamba amawangamawanga okwinyika, komanso imafalitsa matenda ena owoletsa mizu amene amadziwika bwino m'mphepete mwa nyanja, pomwe chinangwa chimaoneka chabwino kunja koma ukachidula m'kati muli zigamba zofiirira zouma. Ku Uganda m'zaka za m'ma 1990 mtundu woopsa wa khate unayenda pamodzi ndi kuchuluka kwa ntchentchezi, alimi ambiri mpaka anasiya kaye kulima chinangwa. Komabe sindingamuuze munthu kuti azipopera munda wa chinangwa. Matenda awiri onsewa amayenda kwambiri ndi ife anthu, m'mitolo ya mitengo yobzala imene timapatsana pachibale. Kusankha mitengo kuchokera ku mbewu zopanda zizindikiro, ndi kuzula msanga zimene zaphuka ndi khate, kumaposa botolo lililonse.

Tsopano zosauluka. Mukapeza zoyera zaubweya zitaunjikana pa nsonga ya mbewu, m'mphanda momwe tsamba lakumana ndi tsinde, kapena pakhosi pa chipatso, mukagwedeza osadzuka, amenewo ndi a banja la kodikodi. Tengani kamtengo mukande. Pansi pa ubweyawo pali kachilombo kofewa, kozungulira motalika, ka mizeremizere, ndipo mukakatswanya pakati pa zala kamatulutsa timadzi, ta kodikodi wa chinangwa tofiirira pang'ono, ta wa papaya tachikasu. Ubweya umenewu ndi phula, ndipo madzi amangotsetsereka pamwamba pake. Ndi chifukwa chake mankhwala ambiri samufika.

Nkhani ya kodikodi wa chinangwa ndimaikonda, ndipo ndimadabwa kuti sitiikamba mokwanira. Kachilomboka kwawo ndi ku South America. Kanaoneka koyamba mu Africa mu 1973 cha ku Congo, katabwera ndi mitengo yobzala, ndipo kanapeza dziko lodzaza chinangwa lopanda mdani wake ndi mmodzi yemwe. Kamaswana popanda kamuna, kalikonse kamaikira mazira. Pomayamwa kamathira malovu amene amapiringiza nsonga, masamba n'kuunjikana pamodzi, mfundo za tsinde n'kuyandikana, mbewu n'kupinimbira. M'malo ena zokolola zinatsika ndi magawo 80 pa 100 alionse. Kuno kanafika chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo amene anamva kuwawa kwambiri ndi anthu a ku Nkhata Bay ndi madera ena a kunyanja kumene kondowole ndiye nsima ya tsiku ndi tsiku. Kunagwa njala. Akuluakulu a kumeneko mukawafunsa za kodikodi sasowa chokamba.

Chimene chinathetsa vutoli si mankhwala. Katswiri wa tizilombo wa ku Switzerland, Hans Herren, amene ankagwira ntchito ku bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA ku Nigeria, anaganiza kuti ngati kachilomboka sikavuta kwawo, ndiye kuti kwawoko kuli chimene chimakadya. Kusaka kunatenga zaka, chifukwa poyamba sankadziwa ngakhale dziko lenileni limene kanachokera. Mu 1981 Anthony Bellotti wa bungwe lina la kafukufuku wa zaulimi la CIAT anakapeza ku Paraguay, ndipo kumeneko kunapezekanso kamavu kakang'ono kwambiri, Anagyrus lopezi, kamene kamabaya kodikodi n'kuikira dzira m'thupi mwake. Mphutsi imadya kodikodi kuchokera m'kati, iye n'kuuma gwa, kenako kamavu katsopano kamaboola n'kutuluka. Atatsimikiza kuti sikagwira china chilichonse, anakaswetsa kambirimbiri n'kukamwaza m'mayiko oposa 20, malo ena pochita kuponya kuchokera m'ndege. Ku Malawi nakonso kanabweretsedwa m'zaka zomwezo. Herren analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Kodikodi yemweyu atalowa ku Thailand mu 2008, mavu okamuthetsa anachokera ku Benin, kuno ku Africa.

Kamavu kameneka kakadalipo m'minda mwathu. Kodikodi nayenso akadalipo, amaonekera nyengo yachilimwe pa chinangwa cha pa nthaka yoguga, koma sapitirira malire. Mukathyola nsonga yogwidwa n'kuifunyulula, pakati pa zamoyo zofewa mupeza zina zolimba zofiirira, zina zili ndi kabowo kumapeto. Imeneyo ndi ntchito ya mavu. Nsonga yoteroyo mukaipopera mankhwala opha chilichonse, amene amafa msanga ndi kamavu kopanda chofunda, pomwe kodikodi ali m'kati mwa phula lake.

Kodikodi wa papaya ndi mlendo wa posachedwa, wochokera cha ku Mexico, amene anafika ku Ghana cha m'ma 2010 n'kufalikira mpaka kum'mawa kwa Africa. Amayamba m'mitsempha ya kunsi kwa tsamba, masamba anthete amakwinyika, kenako zipatso zimakutidwa ndi zoyera ndi mwaye mpaka munthu kuchita nazo nseru. Pa mtengo umodzi kapena iwiri ya pakhomo chothandiza ndi kudula masamba ogwidwa kwambiri n'kuwakwirira, kutsuka zipatso ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo, ndi kuyang'ana nyerere.

Nyerere ndizo anthu ambiri amaziiwala. Imani pafupi ndi papaya kapena mandimu amene ali ndi zoyera, muyang'ane thunthu. Muona mzere wokwera ndi mzere wotsika, zotsikazo mimba zili tantha ndi timadzi totsekemera tija. Nyerere zimaweta kodikodi ndi nsabwe monga momwe ife timawetera ng'ombe: zimakama, zimalondera, zimathamangitsa kamavu kalikonse kofuna kutera, nthawi zina zimanyamula ana n'kukawaika pa nsonga yatsopano. Mukazidulira njira, adani achilengedwe amagwira ntchito momasuka. Ine ndimakulunga pulasitiki kuzungulira thunthu n'kupaka girisi pa pulasitikiyo, osati pa khungwa, chifukwa girisi amawotcha mtengo. Nthambi zokhudza mpanda kapena khoma ndimadula, apo ayi nyerere zimangosintha msewu. Fumbi likamatirira pa girisi pamafunika kupakanso.

Ndinanena kuti china mwa zoyerazi ndi wantchito. Pakati pa nsabwe pa therere kapena pa mandimu nthawi zina mumaona kachinthu koyera kamanyenje aatali a phula, kofanana kwambiri ndi kodikodi. Kakhudzeni ndi udzu. Kodikodi sasuntha, kapena amasuntha mwaulesi kwambiri. Aka kamayenda changu, ndipo mukakayang'ana kwa kanthawi mukaona katagwira nsabwe n'kumaiyamwa. Ndi mwana wa tizikumbu tija tozungulira, abale a kofiira kamadontho akuda kamene ana amakonda kukayendetsa pa dzanja. Mitundu ina ya tizikumbu timeneti ana ake amavala zoyera. Munthu wosadziwa amaona zoyera zikuchuluka pamene pali nsabwe, n'kuthamangira sipuleya, osadziwa kuti akupha amene anabwera kudzathetsa nsabwezo.

Nsabwe zenizenizo, za pa repu, mpiru ndi kabichi, ndi zotuwa, zokutidwa ndi kaufa, zimakhala mothithikana pa mtima wa mbewu ndi kunsi kwa masamba, makamaka miyezi yozizira youma ya Juni ndi Julayi kupita m'tsogolo. Zikamakula zimafundula, ndipo timakungu toyera timene zimasiya timagwera pa masamba apansi. Ambiri amaona timakunguti n'kumati ndi ntchentche zoyera zakufa. Pa mandimu ndi manachesi pali mtundu wina wa ntchentche zoyera umene ana ake amadzikuta ndi ubweya womata, kunsi kwa tsamba konse kumachita kuyera ndi kunanda. Ndipo pa nkhwani, therere ndi maluwa a mango pamabwera zoyera zaufa pamwamba pa tsamba, zopanda miyendo, zopanda mutu, zochoka ukapukuta ndi chala. Imeneyo ndi nkhungu, matenda. Mankhwala ophera tizilombo sayikhudza ngakhale pang'ono. Imafuna kuchotsa masamba ogwidwa, kupatsa mbewu mpata kuti mphepo izidutsa, ndipo zikavuta, mankhwala a salufa.

Tsiku lina ndili m'sitolo ina ya zipangizo zaulimi ndinamva bambo wina akuuza mnyamata wogulitsa kuti, “Achimwene, aja munandipatsa aja sakugwira. Ndipatseni amphamvu, oti ndikangothira kamodzi basi.” Mnyamatayo sanafunse kuti ndi mbewu yanji kapena chilombo chanji. Anatsitsa mabotolo awiri n'kunena kuti, “Mukasakanize awa, bambo, muwonjezereko pang'ono muyeso.” Sindikumuda mnyamatayo, iye analembedwa ntchito yogulitsa. Koma malangizo amenewa ndiwo amalera ntchentche zoyera. Zimaswana mofulumira, mibadwo yoposa khumi pachaka kumalo otentha, ndiye mukamazithira mankhwala amodzimodzi sabata ndi sabata, zochepa zopirira ndizo zimatsala n'kubereka zinzake zopirira. Uku adani awo atha. Dziko la Sudan linaphunzira izi mowawa pa minda yaikulu ya thonje ya Gezira. Kumeneko ntchentche yoyera inali chilombo chosadetsa nkhawa kwenikweni, koma atalimbikira kupopera mankhwala olimbana ndi mbozi za thonje chaka ndi chaka, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndiyo inasanduka mdani wamkulu, thonje n'kumatuluka lomata, lovuta kugulitsa. M'madimba athu a tomato zomwezi zikuchitika mwakachetechete, makamaka chibwerere mbozi ya Tuta absoluta imene inachititsa alimi kupopera kawirikawiri kuposa kale.

Sindikunena kuti mlimi wa tomato wogulitsa, amene waika ndalama za fizi ya ana m'dimba, asagwire mankhwala. Koma awerenge dzina la chimene chili m'kati mwa botolo, lolembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono, osati dzina lalikulu la malonda. Mabotolo awiri a mayina osiyana amatha kukhala chinthu chimodzi. Cypermethrin ndi anzake a gulu limenelo amapha adani achilengedwe kwambiri koma pa ntchentche zoyera m'malo ambiri anafooka kale. Imidacloprid ndi acetamiprid amalowa m'madzi a mbewu ndipo amafika kwa zoyamwa, koma awiriwa ndi a gulu limodzi, ndiye kusinthanitsa awiriwa si kusintha. Imidacloprid ndi woopsa kwa njuchi, moti mayiko a European Union analetsa kumugwiritsa ntchito panja mu 2018. Pa maungu ndi nkhaka zimene zikuchita maluwa, zodalira njuchi kuti zibereke, ameneyu asayandikire. Pa lebulo pamalembedwanso masiku oyenera kudikira musanakolole. Ndiwo ngati mpiru ndi repu, zothyola kawiri pa sabata, masiku amenewo sakwanira, ndiye kwa ine mankhwala oterewa alibe malo pa bedi la masamba. Za mankhwala othiridwa m'timabotolo ta zakumwa, ogulitsidwa pamsika opanda lebulo, ndingoti musagule. Kuno kuli bungwe la Pesticides Control Board limene limalembetsa mankhwala ovomerezeka, ndipo chopanda lebulo simungadziwe ngati chinadutsako, kapena ngati ndi mankhwala n'komwe.

Nanga pakhomo ndimachita chiyani? Choyamba ndi manja ndi madzi. Masamba am'munsi a tomato amene adzaza ana ndimathyola n'kuwaika m'thumba pomwepo, osawataya m'ngalande, chifukwa tsamba lothyoka limakhalabe laliwisi mokwanira kuti zotsala pang'ono zituluke. Nsabwe za pa repu zikangoyamba, chala chachikulu chimakwana. Madzi othira mwamphamvu kunsi kwa masamba amagwetsa zambiri, ndipo n'chifukwa chake mvula yeniyeni ikayamba vutoli limachepa lokha.

Kenako sopo. Sopo amasungunula phula lija n'kuumitsa kachilombo, koma amapha chokhacho chimene wachinyowetsa, akauma ntchito yatha. Ndimasungunula supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri za sopo wamadzi wotsukira mbale, kapena sopo wamtanda wopala, m'malita 5 a madzi. Ndimayesa kaye pa masamba ochepa n'kudikira tsiku, chifukwa mbewu zina zimapsa. Sopo waufa wochapira zovala ali ndi zina zowonjezera zowotcha masamba, ameneyo ayi. Nthawi yake ndi madzulo dzuwa litapepa, kamwa la sipuleya litaloza m'mwamba kuchokera pansi, dzanja lina likutukula masamba. Ndi ntchito yopweteka msana, ndipo yochita kamodzi ilibe phindu. Pamafunika kubwereza pakatha masiku anayi kapena asanu, kwa masabata atatu, kuti m'badwo uliwonse wotuluka m'mazira ukumane nazo.

Amene muli ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi ndi Salima, kumene mitengo ya nimu ili mbwee, muli ndi mwayi. Mphamvu yake yambiri ili mu njere, masamba ndi ofookerapo. Njere zouma zokwana theka la kilogalamu, zosinja, zoviika usiku wonse m'malita 10 a madzi, n'kusefa pa nsalu, n'kuthiramo kasopo pang'ono. Nimu sagwetsa chilombo nthawi yomweyo. Amachilepheretsa kudya ndi kufundula, ndiye wofuna kuona mitembo m'mawa mwake amakhumudwa msanga. Ombwe, umene kumpoto amati mtetezga, umagwiranso bwino pa nsabwe: kilogalamu imodzi ya masamba ouma osinja m'malita 10, kuviika tsiku lathunthu. Pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa za ombwe. Akatswiri a ku munda wa kafukufuku wa zomera wa Kew ndi ku yunivesite ya Greenwich ku England pamodzi ndi anzawo a kuno anasindikiza kafukufuku mu 2012 woonetsa kuti ombwe ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina uli ndi mphamvu yopha tizilombo, wina ulibe. Ndiye mnzanu akamati ombwe ndi bodza, mwina tchire lake ndi la mtundu wachiwiriwo, ndipo ndi bwino kutenga mbewu kwa munthu amene wake amagwira. Chachiwiri, ombwe amapha nsomba. Wa dimba la m'mbali mwa mtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba asatsukire sipuleya m'madzimo.

Fodya woviika anthu amamutama, ndipo amaphadi. Koma chikonga chake ndi poizoni weniweni amene amalowa ngakhale pakhungu la wopopera, komanso fodya amatha kupatsira tomato ndi tsabola matenda a mawanga. Kukhala chomera cha m'munda mwathu sikumuchotsera ukali. Phulusa limathandizako pa nsabwe za pa mtima wa kabichi, koma pa ntchentche zoyera sindinaone chimene limachita, poti limagwera pamwamba pomwe izo zili kunsi.

Ntchentche zoyera zimakopeka ndi mtundu wachikasu. Chigubu chakale cha mafuta ophikira, chodula m'zidutswa, chopaka mafuta odzola a Vaseline kapena girisi, n'kuchimangirira pa kamtengo molingana ndi nsonga za mbewu, chimagwira zambiri. Musayembekeze kuti chingathetse vuto m'munda wonse. Ubwino wake ndi kukuuzani msanga kuti alendo afika, masamba asanayambe kuda. Onaninso feteleza. Yureya wochuluka amatulutsa masamba ofewa amadzimadzi amene zoyamwa zonse zimawakonda, pomwe mbewu ya pa manyowa okhwima, yothiriridwa mokwanira, imapirira bwino. Ndimasiyanso koriyanda ndi mpiru pang'ono kuti zichite maluwa m'mphepete, chifukwa timavu ndi tizilombo tina todya nsabwe timafuna timadzi ta maluwa ang'onoang'ono.

Chovuta kwambiri, chimene palibe sopo kapena botolo lingachikonze, ndi kalimidwe kopanda mpumulo. M'madimba ambiri tomato wina akukololedwa, wina akuchita maluwa, nazale ili pambali pomwepo, chaka chonse. Tomato wakale akatha kubereka amangosiyidwa chiimire, mwini wake wasiya kuthirira, ndipo akamauma ntchentche zonse zimasamukira pa mbande zanthete zitanyamula matenda. Mapesi akale azulidwe tsiku lomwe mwathyola komaliza, akwiriridwe kapena atenthedwe, pamodzi ndi zitsamba za m'mbali, ndipo papite masabata atatu kapena anayi musanawokere tomato wina pafupi. Pa bedi limenelo ikanipo chimanga chachiwisi kapena anyezi, zimene ntchentchezi sizizifuna. Vuto n'lakuti ntchentche sidziwa malire a dimba. Inu mukazula, mnansi wanu wa kumtunda kwa mphepo akasiya ake chiimire, mwagwira ntchito ya theka. M'madimba oyandikana nkhaniyi ndi yofunika kukambirana pa msonkhano wa kalabu, mlangizi wa zaulimi ali pomwepo, n'kugwirizana mwezi umene aliyense azule tomato wakale ndi sabata limene nazale zatsopano ziyambe.